Odwala Amene Adaphunzitsa Madokotala

Ku Vienna, cha m'ma 1881, kudali mtsikana wina amene adatha milungu 6 osamwa madzi. Ludzu adali nalo, ndipo idali nyengo yotentha koopsa. Ankati akatenga tambula n'kuifikitsa pamlomo, dzanja lomwelo linkaikankhira kutali. Chimene chinkamusunga ndi zipatso zamadzimadzi za mtundu wa mavwende. Dokotala wake, Josef Breuer, ankabwera kudzamuona kawirikawiri n'kumamugoneka m'katulo kochita kupangitsa kamene amakatcha hypnosis. Tsiku lina ali m'katuloko, mtsikanayo adayamba kung'ung'udza za mayi wina wa ku England amene ankamuthandiza pakhomopo, yemwe sankamukonda n'komwe. Adafotokoza kuti nthawi ina atalowa m'chipinda cha mayiyo adapeza kagalu kake kakumwa madzi m'tambula ya anthu. Zidamunyansa, koma poopa kuoneka wamwano sadanene kanthu. Atamaliza kukhuthula mkwiyo wonse umene adaumeza tsiku lija, adapempha madzi. Adamwa ambiri, ndipo adadzidzimuka m'katulo kaja tambula ili pakamwa. Breuer adalemba kuti vuto la madzilo silidabwererenso.

Nkhani imeneyi ndinaipeza m'buku limene mwana wa achemwali anga, yemwe akuphunzira unamwino, anasiya pampando atabwera kudzachezera holide. Ndinalitsegula pofuna kungotayitsa nthawi. Atabwera kudzalitenga ndinakaniza. "Amalume, mayeso tikulemba ndife kapena inu?" anandifunsa akuseka. Ndinamupempha kuti andisiyireko pang'ono, ndipo kuchokera pamenepo anzanga atopa nane, chifukwa nkhani iliyonse, kaya yampira kaya yamtengo wa feteleza, ndimaikhotetsera ku Vienna.

Mtsikana wa ku Vienna uja dzina lake adali Bertha Pappenheim, ngakhale m'mabuku adamubisa n'kumutcha Anna O. Adayamba kudwala ali ndi zaka 21 akudwazika bambo ake. Mkono ndi miyendo zidauma, maso ankaona mwachimbuuzi, ankatsokomola popanda chifuwa, ndipo nthawi ina Chijeremani, chinenero chimene adayamwira, chidamuthawa n'kumangolankhula Chingelezi. Madokotala sadapeze chovulala m'thupi mwake. Matenda otere ankawatcha hysteria. Chimene chandikoka mtima n'chakuti njira yomuthandizira sidachokere kwa Breuer. Mtsikanayo ndiye adazindikira kuti akafotokoza nkhani zimene zinkamuzungulira m'mutu, amapepukidwa, ndipo ndiye adaipatsa njirayo dzina loti ndi kuchiza polankhula. Ntchito ya Breuer idali kukhala pansi n'kumvetsera, chinthu chimene madokotala otchuka a nthawi imeneyo sankachita ndi mtsikana wooneka wosokonekera mutu.

Breuer adasimbira nkhaniyi mnzake wachinyamata, Sigmund Freud. Freud adabadwa m'chaka cha 1856, adaphunzira za minyewa ndi ubongo, ndipo chakumapeto kwa 1885 adapita ku Paris kukaonera Jean-Martin Charcot akugoneka odwala hysteria pachipatala cha Salpêtrière. Atabwerera kwawo n'kutsegula kachipatala kake, nayenso adaphunzitsidwa ndi wodwala. Cha m'ma 1889 ankathandiza mayi wina wamasiye wolemera, Fanny Moser, ndipo ankamupanikiza ndi mafunso: ichi chidayamba liti, icho chidachokera kuti. Mayiyo adatopa nazo, n'kumudzudzula kuti asiye kumudula mawu, amulole anene zimene ali nazo. Freud adamvera. M'zaka zotsatira adasiya hypnosis ija n'kukhazikitsa lamulo limodzi lokha: wodwala agone pasofa, dokotala akhale kumutu kwake kosaoneka, ndipo wodwalayo anene chilichonse chimene chabwera m'maganizo, chopusa, chochititsa manyazi, chosagwirizana ndi nkhani, osasefa. Psychoanalysis idabadwira pamenepo. Buku limene Breuer ndi Freud adalembera limodzi za odwala amenewa lidatuluka mu 1895.

Mfundo yaikulu ya Freud ndi yoti munthu sadziwa zonse zimene zili mwa iye. Pali zilakolako, mantha ndi zokumbukira zimene zimapweteka kwambiri kapena kuchititsa manyazi, moti maganizo amazikankhira pansi pomwe mwini wake sazionanso. Koma kuzikankhira pansi si kuzipha. Zili ngati phala lowira limene walivindikira mwamphamvu: limapeza potulukira m'mbali mwa chivindikiro. Zimatulukira m'maloto, m'nthabwala, m'kuiwala dzina la munthu amene umamudziwa bwino, m'kuterereka kwa lilime, ngati bambo amene waitana mkazi wake ndi dzina la chibwenzi chakalekale, kapenanso m'mkono umene wauma popanda chouumitsa. Kwa Freud palibe chimene chimachitika mwangozi m'maganizo. Nthawi zonse pamakhala chimene chidatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, ndipo kawirikawiri dzayelo lidagwa munthu ali mwana.

Za maloto zinandisekesa pang'ono. Kwathu munthu akalota zodabwitsa timafunsa kuti malotowo akulosera chiyani, kapena ndani akumuchita chipongwe. Freud ankatembenuzira funsolo kwa wolotayo: iweyo ukufuna chiyani chimene sufuna kuvomera? Buku lake la maloto lidatuluka chakumapeto kwa 1899, koma pachikuto adalembapo 1900. Adasindikiza mabuku 600 okha, ndipo padatenga zaka 8 kuti athe. Mu 1923 adagawa munthu patatu: chilakolako chosadziwa kudikira, chikumbumtima chimene chimalankhula ndi mawu a makolo ndi malamulo a mudzi, ndi "ine" wapakati amene ayenera kusangalatsa onse awiri uku akuyang'ananso zimene dziko lingalole. Adaonanso chinthu china chimene aphunzitsi, abusa ndi mabwana angachizindikire msanga: wodwala amayamba kumuona dokotala ngati bambo ake kapena mayi ake, n'kumamukonda kapena kumukwiyira pa milandu imene dokotalayo sadapalamule.

Si zonse zimene ndameza. Zoti mnyamata aliyense ali wamng'ono amalakalaka mayi ake n'kumaona bambo ake ngati mdani, ndiponso zoti atsikana amakula akudziona operewera poyerekeza ndi anyamata, zikundionekera ngati maganizo a bambo wa ku Vienna wa nthawi yake amene adawayesa chilengedwe cha anthu onse. Anzake enieni adamuthawa: Alfred Adler mu 1911, Carl Jung mu 1913. Karl Popper, katswiri wa filosofi, adadandaula kuti chiphunzitsochi sichingagwidwe bodza, chifukwa wodwala akavomera ndiye kuti Freud walondola, akakana akuti akubisa, Freud walondolabe. Ngakhale nkhani ya Bertha ija idakometsedwa. Breuer atasiya kumuona mu 1882, mtsikanayo adakagonekedwa kuchipatala cha ku Kreuzlingen, ku Switzerland, akudwalabe komanso atazolowera morphine. Adachira patapita zaka, mwa njira zake. Pambuyo pake adakhala mayi wolimba mtima womenyera ufulu wa amayi, adayambitsa bungwe la amayi achiyuda ku Germany mu 1904, adalimbana ndi malonda ogulitsa atsikana, ndipo mu 1954 nkhope yake idaikidwa pa sitampa ya West Germany. Freud mwini wake adathawa a Nazi mu 1938 n'kukamwalirira ku London chaka chotsatira. Alongo ake anayi amene adatsala ku Vienna adafera m'misasa ya a Nazi.

Poyamba mayina atatu awa, psychiatry, psychoanalysis ndi saikoloje, ankandisokoneza, koma ndi mabanja osiyana amene amangokwatirana. Psychiatry ndi nthambi ya udokotala: munthu amayamba waphunzira za thupi lonse, kenako n'kuzama pa matenda a maganizo, ndipo ali ndi mphamvu yolemba mankhwala. Dzinali adalipeka Johann Christian Reil wa ku Germany mu 1808. Psychoanalysis ndi njira ya Freud ija ndi ana ake. Saikoloje ndi sayansi yofufuza mmene munthu aliyense, wodwala ndi wabwinobwino yemwe, amaonera, amakumbukirira, amaphunzirira ndi kuchitira zinthu. Ambiri amawerenga chiyambi chake kuchokera mu 1879, pamene Wilhelm Wundt adatsegula labotale ku Leipzig, mmene ankayeza zinthu monga nthawi imene imadutsa munthu atamva kulira kwa belu mpaka kudina batani. Wina amene ndamukonda m'banja limeneli ndi Hermann Ebbinghaus. Posowa anthu oti awayeze, adadziyeza yekha: adapeka timawu topanda tanthauzo toposa 2,000, n'kumatiloweza pamtima ndi kulemba mmene ankatiiwalira. Zimene adasindikiza mu 1885 zidaonetsa kuti zambiri timaiwala mu ola loyamba lenilenilo, kenako kuiwalako kumayenda pang'onopang'ono, ndiponso kuti kubwereza phunziro masiku osiyanasiyana kumaposa kulipanikiza usiku umodzi. Ana asukulu amene amaviika mapazi m'madzi ozizira usiku woti mawa mayeso akadamumvera bambo ameneyu.

Koma nkhani imene yandigwira kuposa zonse ndi yakale kuposa Freud. Pali chithunzi chotchuka chimene Tony Robert-Fleury adajambula mu 1876, choonetsa dokotala Philippe Pinel ataima mwaulemu pamene amayi odwala misala akumasulidwa maunyolo. Mabuku ambiri amati Pinel ndiye adamasula amisala. Pinel adafikadi pachipatala cha Bicêtre, ku Paris, mu 1793, koma adapezako munthu wina, Jean-Baptiste Pussin, amene ankayang'anira chigawo cha amuna odwala misala pafupifupi 200. Pussin sadali dokotala. Adali wofufuta zikopa, ndipo adalowa pachipatalapo mu 1771 ngati wodwala, atatupa m'khosi ndi matenda a TB ya m'tiziwalo. Atachira adalembedwa ntchito pomwepo. Munthu amene adagonapo pa bedi la pamalo amenewo ankadziwa kuti dzanja la woyang'anira limalemera bwanji. Adaletsa antchito kumenya odwala, wophwanya lamulo ankamuchotsa, ndipo ankakonda kulemba ntchito anthu amene adadwalapo misala n'kuchira. Iye ndi mkazi wake Marguerite ankadziwa wodwala aliyense, chimene chimamuputa ndi chimene chimamutonthoza. Pinel, dokotala wophunzira, adachita chinthu chosowa: adayamba kuyenda naye, kuonerera ndi kulemba. Maunyolo a ku Bicêtre adawachotsa ndi Pussin mu 1797, Pinel atasamukira kale ku Salpêtrière, ndipo Pinel yemweyo adavomereza zimenezi m'zolemba zake, n'kumuitanitsa kuti akagwire naye ntchito kumeneko. Ulemerero udapitabe kwa wa digiri.

Makolo athu adati wamisala adaona nkhondo, komabe tonse timadziwa zimene ana amachita akaona munthu wovala sanza akulankhula yekha pamsika, ndi zimene ife akuluakulu timachita, kungolambalala. Ngakhale malo oyamba osungirako odwala misala m'dziko muno, amene adatsegulidwa ku Zomba mu 1910 nthawi ya atsamunda, adali mbali ya ndende. Funso loyamba padziko lonse lidali la kumene tingawatsekere. Funso loti akuti chiyani lidabwera mochedwa.

Ndipo pamene madokotala adasiya kufunsa funso lachiwirili, zinthu zidafika poipa. Mu 1935 Egas Moniz wa ku Portugal adayamba opaleshoni yodula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo kuti odwala ovuta akhale phee, ndipo mu 1949 adalandira nayo mphoto ya Nobel. Ku America, Walter Freeman adaifewetsa: ankalowetsa kachitsulo kosongoka pamwamba pa diso, kukakhoma ndi kahamala mpaka kuboola fupa, n'kukagwedeza. Mwa njira iyi ndi yakale ija, adachita opaleshoniyi kwa anthu oposa 3,000. Rosemary Kennedy, mlongo wake wa John F. Kennedy, adachitidwa opaleshoni yodula mitsempha ya ubongo mu 1941 ali ndi zaka 23, ndipo adatsala wosatha kudzisamalira moyo wake wonse. Odwala ambiri ankakhaladi chete, ndipo chete ameneyo ankalembedwa kuti ndi kuchira.

Apa ndiyenera kudzigwira, chifukwa munthu amene wangokonda kumene chinthu amafuna kuti chilichonse chigwirizane ndi nyimbo yake. Si zonse zabwino zimene zidabwera chifukwa chomvetsera. Mankhwala amene adasintha zipatala za amisala adapezeka mwamwayi. Chlorpromazine adapangidwa ku France mu 1950, ndipo dokotala wa opaleshoni Henri Laborit, amene ankafuna chokhazika mtima pansi anthu opita kumpeni, ndiye adaona kuti amachititsa munthu kusatekeseka popanda kumukomola. Mu 1952 Jean Delay ndi Pierre Deniker adawapereka kwa odwala misala pachipatala cha Sainte-Anne ku Paris, ndipo anthu amene adakhala zaka akumva mawu osaoneka eni ake adayamba kucheza ndi abale awo. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, John Cade wa ku Australia adali atapeza kuti lithium amatsitsa munthu amene maganizo ake akwera mopitirira muyezo, atayamba wayesera pa mbira. Mu 1955 zipatala za boma za amisala ku America zidali ndi anthu oposa 550,000, ndipo kuchokera chaka chimenecho chiwerengerocho chidayamba kutsika. Mankhwalawa ali ndi zovuta zake, amaumitsa thupi, amanjenjemeretsa manja, ena amatuluka nawo dovu, koma munthu amene akumva mawu omulamula kuti adzipweteke sungamuchize ndi macheza okha. Wachibale amene ali pa mankhwala otere asawasiye chifukwa cha nkhani yanga ya galu ndi tambula.

Komabe mzere uja wa odwala ophunzitsa sudaduke. Aaron Beck, wa ku Philadelphia, adaphunzira psychoanalysis ndipo ankaikhulupirira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 adafuna kutsimikizira mwa sayansi mfundo ya Freud yoti munthu wovutika maganizo kwambiri amakhala ndi mkwiyo umene wautembenuzira kwa iye mwini. Adasonkhanitsa maloto a odwala ake poyembekezera kupezamo ukali. Adapezamo kutaya, kulephera ndi kukanidwa, zomwezo zimene odwalawo ankanena ali maso. Ndiye padali mayi wina amene ankagona pasofa paja n'kumasimba za amuna amene adayenda nawo. Pomaliza Beck adamufunsa mmene akumvera, mayiyo n'kuyankha kuti ali ndi nkhawa. Beck adathamangira kumasulira mwa Freud, kuti nkhawayo ikuchokera ku zilakolako zimene nkhanizo zautsa. Mayiyo adamuuza zoona zake: nthawi yonseyi ankaopa kuti akumutopetsa dokotalayo, ndipo nkhani zokometserazo ankazisimba kuti asaoneke wosasangalatsa. Maganizo amenewo sadali okwiririka pansi penipeni ayi. Adali pafupi, akuyenda m'mbali mwa zolankhula zake, kungoti palibe adawafunsapo. Beck atafunsa odwala ena adapeza kuti nawonso ali ndi timawu totere tobwera tokha: ndine wachabechabe, palibe amandifuna, sizidzatheka. Chithandizo chimene adamanga pamenepo, chimene lero chimadziwika kuti CBT, chimaphunzitsa munthu kugwira kaganizo kotero, kukafunsa umboni wake, n'kukayesa pa zochitika zenizeni. Chimatenga milungu kapena miyezi yochepa m'malo mwa zaka, ndipo chayesedwa m'kafukufuku wochuluka kuposa njira ina iliyonse yochiza polankhula. Beck adamwalira mu 2021 ali ndi zaka 100.

Mdzukulu wa njira imeneyi ali pafupi nafe, ku Harare. Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo m'dziko limene madokotala otere ndi owerengeka pa zala, adayambitsa Friendship Bench ku Mbare mu 2006. Adaphunzitsa agogo aakazi a m'deralo kukhala pa benchi panja pa kiliniki, kumvetsera munthu wolemedwa mtima, kumuthandiza kusankha vuto limodzi mwa mavuto ake onse ndi kupeza chimene angachite nalo sabata imeneyo. Kafukufuku wa anthu 573 amene adasindikizidwa mu 2016 adapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene adakhala pa benchi, 14 pa 100 aliwonse ndiwo adali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pamene mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali 50 pa 100.

Panopa ndili pa mbiri ya Marsha Linehan. Mu 1961, ali ndi zaka 17, adatsekeredwa pachipatala cha Institute of Living ku Hartford, m'dziko la America. Ankadzicheka manja, kudziwotcha ndi ndudu ndi kumenyetsa mutu kukhoma. Adakhalako miyezi 26, nthawi zina m'chipinda cha yekha, akulandira chlorpromazine ndi chithandizo cha magetsi, ndipo ankawerengedwa m'gulu la odwala ovuta kwambiri pamalopo. Atatuluka adaphunzira saikoloje mpaka kukhala pulofesa ku University of Washington, n'kusankha dala odwala amene anzake ankawathawa, anthu oyesa kudzipha mobwerezabwereza. Adaona kuti ukamuuza munthu wotere kuti asinthe, amamva ngati ukumuimba mlandu, ndipo ukangomumvera chisoni osamupatsa chochita, amamva ngati wamutaya. Chithandizo chake, DBT, chimagwira ziwirizi nthawi imodzi: kudzivomera mmene ulili lero, ndi kuphunzira luso lopirira mphindi yoopsa popanda kudzivulaza. Kafukufuku woyamba wosonyeza kuti chimachepetsa kudzivulaza adatuluka mu 1991. Zaka zonsezo za mbiri yake sankanena poyera. Odwala ena ankaona zipsera pamikono yake n'kumufunsa ngati naye ndi mmodzi wa iwo, iye n'kumazemba. Mu 2011, ali ndi zaka 68, adabwerera kuchipatala chomwe chija ku Hartford, adaima pamaso pa madokotala, abale ake ndi anthu amene adawathandizapo, n'kuwauza kuti iye adagonapo m'chipinda chotsekera cha pamalopo.